Cham'kamwa cha ku Visby

Anandipatsa ola limodzi lokha.
Mayi Gunnel anatsekula bokosi lagalasi,
nandiveka magolovesi oyera ngati wosambitsa maliro,
nati: Torvald, usapumirepo pafupi,
chitsulochi chagona zaka mazana asanu ndi awiri
kuseri kwa linga la mzinda uno.

Cham'kamwa cha kavalo. Dzimbiri lachikukuta
mpaka changa munga wa nsomba youma:
tizitsulo tiwiri tokolowekana pakati,
mphete uku, mphete uko,
ndi kachidutswa ka mkuwa kozokotedwa duwa
komwe kankalumikiza malamba patsaya.
Chikopa nthaka inameza kalekale;
yatsala misomali itatu yondinong'oneza kukhuthala kwake.

Ndinayeza. Ndinajambula. Ndinayezanso.

Nyengo yonse yachisanu,
dzuwa likuthawa nkhomaliro ili pakhosi,
mvukuto unkapuma m'malo mwanga.
Ndinasula kanayi, ndinataya katatu.
Chachinayi chinatuluka m'madzi chili see,
kumanja ndi kumanzere ngati mapasa,
ndipo ndisaname, ndinachinyadira.
Chapamutu ndinasoka ndi ulusi wopaka phula,
chikopa chofufutidwa ndi makungwa,
zala zikuchita dzanzi, singano ikukana.

Ylva anabwera ndi kavalo wake wampikisano,
chimphona chonyezimira. Sichinalowe.
Pakamwa pake m'potakata zala ziwiri kuposa.
Kodi wankhondo uja ankakwera kanyama kotani?
Ndiye tinakatenga Dimma, kavalo wamfupi wa pachilumba pano,
waubweya ngati bulangete lakale,
amene ana amam'kwera Loweruka.
Ananunkhiza, nayasama, nalandira,
nayamba kutafuna phee, malovu ali chuchuchu,
ngati wakumbuka mawu a agogo ake.

Nditabwerera kwa Mayi Gunnel
tinagoneka ziwirizo pansalu imodzi,
chakale ndi changa.
Pamenepo m'pomwe ndinaona.
Mphete yakumanzere ya chakalecho njopyapyala mbali imodzi,
kamsewu kosalala kolowa m'chitsulo,
osati mano a dzimbiri, ayi,
koma chingwe chokokedwa, kukokedwa, kukokedwabe.

Ndani ankakokera kumanzere zaka zonsezo?
Kaya mwini wake dzanja lamanja linafa ndi lupanga,
kaya kavaloyo ankaopa chitsime cha pamphambano,
kaya njira yopita kudoko imakhotera komweko
m'mawa uliwonse, ngolo ya mchere ili pambuyo.
Pepala langa lamiyeso linalibe mzere wolembapo zimenezo.

Mayi Gunnel anati: tenga tupa, upale pang'ono,
alendo sadzasiyanitsa.
Tupa ndinaigwiradi. Inali yozizira.
Ndinaibweza m'thumba.

Cham'kamwacho chili kwa Ylva tsopano,
chapachikidwa pamsomali m'khola la Dimma,
chikununkha udzu ndi thukuta.
Ndinamuuza: kwera, kokera komwe ukokera,
udzandibweretsere zikatha zaka makumi awiri.
Iye anaseka, nati ndidzakhala nditafa.
Mwina. Koma ntchito yotsalayo si ya nyundo.