Nakakowa wa Pagalasi

Ndinayamba ndi miyendo.
Masipoko awiri a njinga
amene okonza njinga a pa Kamwendo anataya kuseri kwa shedi,
ndinawawongola pamwala, ndikuwapinda maondo chambuyo
monga amapindikira a kakowa.
Paja mtsikana wa m'nthano yako anali wotero, Gelesomu:
kumtunda munthu, kumunsi mbalame,
kuti aziwoloka Bua atasefukira osanyowetsa chitenje.

Unamupeka wekha.
Tinkalondera mtedza woyanika pabwalo,
iwe wa zaka zisanu ndi zinayi, ine wa zisanu ndi chimodzi,
ndikulira ndi munga wa kuphazi.
Unati, khala chete, ndikuuze za Nakakowa
amene anapita kutsidya kukabwereka mchere kwa mphenzi.
Ndinatonthola.
Anafika pakati pa mtsinje, madzi ali m'maondo,
basi mbuzi za kwa Zefaniya zinalowa mu mtedza,
tinathamanga, tinakalipidwa,
ndipo mpaka lero mtsikanayo ali chiimire m'madzimo.

Mutu wandivuta masiku atatu.
Ndinayesa chitsekerero cha botolo, anaoneka ngati msilikali.
Ndinayesa nthanga ya mango, inatalika nkhope ngati wamaliro.
Dzulo ndinangokulunga thonje m'sokosi ya mwana wanga,
ndikumanga pakhosi ndi ulusi wakuda,
ndipo anandiyang'ana asanakhale n'komwe ndi maso.

Maso ake ndi mabatani osiyana.
Lina ndi la yunifolomu ya kupulayimale,
lina linathothoka pa jekete lako lija
unabwera nalo kuti ndisoke chigongono, osabweranso kudzalitenga.
Tsitsi ndasomola ku chiguduli.
Diresi ndi zotsalira za anthu:
kachidutswa ka mkwatibwi wa ku Kapiri,
kachidutswa ka amayi a kwaya amene sanandilipirebe,
ndi kansalu kobiriwira kopanda mwini
kamene kanagona pansi pa makina chaka chonse.

Pakamwa ndiye ndinaima.
Sunandiuze ngati ankaseka.
Ndinamusokera kumwetulira, anakhala ngati wotsatsa sopo.
Ndinaphwasula.
Ndinamusokera chisoni, anafanana ndi ine.
Ndinaphwasulanso.
Ndasiya kamzere kowongoka, misoko inayi yofiira,
kamwa la munthu amene akuwerengera kuya kwa madzi.

Makasitomala akudandaula.
Bambo wa thalauza wabwera kawiri,
wapeza ndikumangirira ulusi wa nayiloni m'maondo a chidole.
Akuti, telala wathu wapenga.
Ndamuuza abwere Loweruka.

Ulusiwo ndawukoka kuchokera m'maondo kudzera kumsana
mpaka ku kawaya ka pamutu.
Ndamupachika pamsomali wa tepi, ndagwedeza chitseko:
mwendo uwu wanyamuka, uwo watsika.
Ndiye kuti pa dzenje lililonse la msewu wa ku Chipata
adzaponda phazi limodzi.
Powerengera maenje amene umadandaula nawo aja,
pofika pa Mwami adzakhala atawoloka.

M'dzanja lake ndamusokera kathumba kochepa ngati chikhadabo.
Ndinatapa mchere kuti ndithiremo,
ndinaubwezanso m'botolo.
Ndine yani kuti ndinene kuti mphenzi inavomera?
Kathumbako ndakasiya kukamwa.

Akuti lole yako idutsa Lachinayi m'mamawa.
Sudzazimitsa injini, ndikukudziwa.
Udzaliza hutala kawiri, udzatulutsa mkono pawindo,
udzafunsa za ana uku ukuyang'ana wotchi.
Ndidzakupatsira m'pepala la shuga.
Umupachike pagalasi lapakati, osati m'bokosi la zikalata.

Usiku ukamadikira chidindo pachipata,
tulo tikamakulemera m'zikope,
iye azidzagwedezeka pamaso pako ndi batani la jekete lako,
kathumba kali pululu.
Zaka makumi atatu zakwana, achimwene.
Madzi aja ndi ozizira.
Pobwerera udzaime, uzimitse injini,
ndidzasuntha nsalu pabenchi,
undiuze zimene mphenzi inayankha.