Chigamba cha Mizere Itatu

Lachitatu, mzere wa alimi a mpunga ku Lifuwu sunasunthe.
Sikelo inali bwinobwino, matumba atasokedwa kale,
koma pafoni ya kalaliki kachizindikiro kankangozungulira
ngati galu wolondola mchira wake.

Palibe anaba kanthu.
Izi ndiye zinandivuta kuwafotokozera a Nasimango:
ndalama zanu zilipo, mayi, dzina lanu lilipo,
kungoti wina wafika pamjigo
ndi chidebe chobooka pansi,
ndipo mjigo wathu ndi waulemu,
sudziwa kunena kuti basi.

Usiku, kuseri kwa Kamuzu Road, magetsi atazima,
batire la laputopu likutha ngati sopo,
ndinatsegula phukusi lija.
Sindinalilembe ine. Ndinangobwereka,
monga tibwerekera khasu kwa mnansi
osayang'ana mpini.
Ndinatsika nalo fayilo ndi fayilo,
thukuta likudontha pa mabatani,
udzudzu ukundiimba mlandu m'khutu.

Ndinachipeza tambala woyamba asanalire:
kamzere kowerenga zimene munthu walemba.
Kakakumana ndi mipata zikwizikwi yondondozana
kamabwerera m'mbuyo, kuyambiranso,
kubwerera, kuyambiranso,
ngati wosintha ndalama wosakhulupirira zala zake,
mpaka seva yonse kuiwala
kuti panja pali anthu.

Ndinaseka ndekha mumdima.
Kanthu kochepa chonchi
kubweza anthu makumi asanu ndi limodzi chimanjamanja!

Chigamba changa n'cha mizere itatu.
Woyamba: mawu akapyola muyezo, kana.
Wachiwiri: wawerenga kamodzi, usacheuke.
Wachitatu si lamulo,
ndi mawu chabe kwa wodzabwera pambuyo panga
kuti asadzasomole ulusi poyesa ndi litsiro.

Ndinaponyamo chidebe chomwe chija.
Chinabwezedwa m'kuphethira kwa diso.
Ndinaponyanso, kakhumi, mwankhanza.

Kenako ndinatumiza mwakachetechete kwa eni phukusi,
anthu oti nkhope zawo sindizidziwa,
poti bowo la mpanda sulengeza pamsika
usanalitseke.
Bandulo inatha uthenga utangodutsa.

Loweruka nambala inasintha kumapeto,
1 kukhala 2, basi.
A Nasimango analandira zawo, anagula malata anayi,
sanafunse chinachitika n'chiyani.

Ine tulo sitinabwerebe.
Ndikuganiza za mijigo ina, kutali,
imene eni ake sanamve,
ikupopabe, ikupopabe
m'chidebe chija.