Sanagogode

Folo koloko m'bandakucha ku Dundee,
mabasi agona pamzere mu depoti,
ife tikuwatsuka m'mimba.
Kunja mphepo ya mumtsinje wa Tay ikuluma makutu.
Muno nkhani ndi imodzi:
gawo lomaliza latuluka dzulo,
ndipo mkazi uja sanagogode.

Milungu khumi ndi iwiri tam'tsata ndi makutu okha,
wokonza mawotchi uja
amene anapanga makina obwerera m'mbuyo mwa zaka.
Nkhope yake sitikuidziwa.
Timadziwa kupuma kwake,
nsapato zake pamiyala yonyowa,
ndi kulira kwa makinawo,
ngati ketulo yofuna kuwira koma ikuchita manyazi.

Wadumpha zaka makumi anayi.
Wafika pakhomo pa mayi ake
usiku womaliza mayiwo ali moyo.
Tinamva mbale zikugundana m'sinki,
mayi akung'ung'udza kanyimbo, osadziwa kanthu.
Kenako zii.
Masekondi makumi asanu, Euan anachita kuwerenga.
Kenako nsapato zija zikubwerera.

"Atibera," akutero Euan,
akupala chingamu pansi pa mpando wa kumbuyo.
"Ndizilipira mwezi ndi mwezi
kuti ndimve munthu ataima pakhomo?
Mlembiyo nkhani inam'kulira, basi."

Farhana, amene masana amaphunzira masamu,
lake dandaulo ndi lina.
"M'gawo lachitatu anati makinawa
sabwerera tsiku limodzi kawiri.
Nanga m'gawo lachisanu ndi chinayi?
Lachiwiri lomwelo, mvula yomweyo!"
Akutulutsa kapepala m'thumba la ovolosi,
konyowa, inki yamwazika,
koma umboni ndi umboni.

Tomasz ali pamakwerero, akuseka.
Theka la mawu linam'dutsa, amalankhula mothamanga,
koma mvulayo, akuti, musainyoze.
"Ndi yeniyeni. Anaijambula pakhonde la simenti.
Imagwa chimodzimodzi kwathu ku Radom,
ndinaima nayo pa loboti mpaka galimoto kundiimbira hutala."

Morag sakunena kanthu.
Akupukuta galasi lomwelo kachitatu.
Mwamuna wake tinakamuika mu Novembala,
tonsefe, titavala majekete obwereka.

Pa tiyi ndi pamene akutsegula pakamwa,
kapu ataigwira ndi manja awiri.
"Akanagogoda, akanati chiyani?
Amayi, mawa mumwalira?
Ndipatseni ine makinawo.
Ndikaima pomwepo, kunja, kumvetsera mbale.
Wanga ankatsokomola akamatsuka mano,
ndinkam'kalipira.
Masekondi makumi asanu achepa.
Akanatipatsa ola lathunthu."

Euan akuyang'ana m'kapu mwake.
"Komabe," akutero,
ndipo mawu ena sakubwera.
Farhana akupinda kapepala kaja kanayi.

Sikisi koloko. Basi yoyamba yatuluka, ikununkha sopo.
Ine ndikukwera mtunda wa ku Hilltown wapansi,
mahedifoni m'makutu, zala zachita dzanzi.
Nanenso makina ndili nawo:
chala chachikulu pagalasi la foni,
kukokera kumanzere pang'ono,
ndabwerera pakhomo paja.
Kukokanso. Ndabwereranso.
Tsiku limodzi kachisanu, Farhana andikhululukire.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi, pafupi ndi shopu ya buledi,
ndikumva chimene tonse chinatiphonya.
Pakati pa zii uja
madzi a m'sinki akuleka kutuluka.
Mayi aja asiya kuimba,
kamphindi kochepa, mpweya umodzi,
ngati munthu amene watembenukira kuchitseko
manja ali thovu lokhalokha.
Kenako madzi akuyambanso.

Ndiwauza usiku uno.
Euan adzati ndikudzinamiza,
Farhana adzati ndi vuto la maikolofoni.
Morag ndidzangom'patsa hedifoni imodzi,
ine ina,
tikhale pampando wa kumbuyo wa basi yozima magetsi.