Kabuku ka Ngongole

Okala yanga ili pa Chilobwe, pokhotera ku mjigo,
zenera la waya, malata atatu,
ndi dzina langa la penti wosuwa: Namakhwa.
Zaka khumi ndi ziwiri ndili pano,
kuthira mafuta m'timachubu,
kudula sopo pakati ndi ulusi,
kumanga wokimani wa amene lero sizinawayendere.

Kenako kunabwera galimoto ya chimkuzamawu,
ikukwawa m'maenje a msewu wathu:
mitengo yagwa! mitengo yagwa!
Ana anaithamangira mpaka pa mlatho.
Inedi ndinaseka nawo.

Shuga amene ndimakaoda ku Limbe,
kudzuka kusanache, kukangana ndi kondakitala
pa mtengo wa katoni yokhala pamiyendo panga,
iwo akugulitsa motsika kuposa mmene ndimaodera.
Ndinawerengera pa chikatoni.
Ndinawerengeranso pa foni ya Tiyese.
Masamu anakana.

Malipiro akatuluka, pano pamadutsa majumbo achikasu.
Mai Chikopa amatsika minibasi,
n'kuyang'ana phiri la Soche ngati aliona koyamba,
mpaka atapitirira zenera langa.
Sindiwada ayi.
Kwacha ilibe mnansi,
ndipo ana awo ndi asanu.

Koma lifike tsiku la twente,
mwezi ukafika pa fupa,
ndimamva kakhosomo kunja kwa waya.
Dzira limodzi.
Kandulo imodzi, magetsi apita.
Mapiritsi awiri, mwana watentha thupi, usiku wa naini koloko.
Lembani, mayi, tidzaonana.
Ndimalemba.
Makina awo aja sadziwa kuti bambo Chikopa
anawachotsa ntchito ku Makata mwezi wa Epulo.
Kabuku kanga kakudziwa.
Ndalama ikupita kwa iwo, ngongole ikubwera kwa ine.

A Likaka, oyandikana nane, anatseka chaka chatha.
Mashelefu anagulitsa kwa wowotcha tchipisi.
Mnyamata wa wilibala amene ankatitutira makatoni
tsopano amakhala pa siteji, kuitanira.
Abiti Sumani ankasiya beseni la mandasi pa kauntala yanga,
dzulo abwerera nalo theka,
nsalu yophimba itanyowa ndi mafuta.

Loweruka lapitali ndinapitako.
Ndinavala chitenje cha kutchalitchi,
chitseko chinatseguka chokha ndisanachikhudze,
mphepo yozizira inandilowa m'mawondo.
Mpunga mpaka kudenga.
Pa shuga analemba: mapaketi awiri munthu mmodzi.
Ndiye ndinaimika Tiyese mzere uwu,
Mwandida mzere uwo,
mwana wa mchemwali wanga kumapeto uko,
ndinawauza: muno sitidziwana.
Ine mayi wawo, muno sitidziwana.

Pa makina panali mwana wa malemu Esinta,
amene ndinkamupatsa siwiti ya ulere
akamapita ku sukulu wopanda nsapato.
Yunifomu yamukhala bwino.
Anati, jumbo mugula?
Maso ali pa manambala.
Kenako chamumtima, milomo yokha:
lachitatu atsitsanso mafuta.
Sindikudziwa ngati ankandithandiza
kapena ankandiuza tsiku la maliro.

Mapaketi asanu ndi atatu ndinawaika pa shelefu,
n'kuwatalikitsa kuti aoneke ambiri.
Kumbuyo kwawo kuli khoma, ndi mphemvu imodzi yodabwa.

Tiyese akuti, amayi, nanga akadzatitha tonse,
mitengo idzakhalabe pansi?
Ndamuuza akatseke mpopi, madzi akutayika.

Usiku uno ndatsegula kabuku.
Chikopa. Bwanali mlonda. Aphunzitsi a ku Zingwangwa.
Nditawonkhetsa zonse,
katundu wanga wambiri ali m'mimba mwa anthu,
akupuma, akugona, mawa adzandipatsa moni.
Tsamba latsala limodzi.
Wina akugogoda pa waya.
Cholembera ndachiika kuti?