Ndudu Imodziimodzi ku Yeoville

Ndimagulitsa ndudu pawindo lamawaya
mumsewu wa Rockey, kuyambira mbandakucha.
Bwana anati paketi yamphumphu ilibe phindu,
phindu lili pong'amba ndi kumwaza.

Lwazi amafika ndi yunifolomu, tayi itapendekeka,
marandi awiri atafunda m'chikhatho.
Buledi sangamuthe, kope sangalithe,
utsi wokha ndiwo umalingana ndi thumba lake.
Pomupatsa ndimayang'ana kumbali
ngati dzanjalo ndabwereka.

Tsamba limeneli ndimalidziwa.
Ndinakulira m'chigafa ku Mponela,
zala zitada ndi utomoni, kusoka mpaka nyali kuzima,
bambo kuchoka ku okushoni thumba lili pepu,
pakamwa mawu omwe aja: chaka chamawa.
Amati fodya amaphunzitsa ana.
Ine anandifikitsa Folomu 2, nanditula pa Beitbridge.

Gelesomu tinkagona chipinda chimodzi, katani pakati.
Ankasoka masuti ku Fordsburg, ndudu pakona pa mlomo,
phulusa kugwera pansalu ya ukwati wa eni.
Chifuwa chinayamba mu Juni, tinati ndi chisanu cha Joni.
Kuchipatala anakweza chithunzi cha mapapo ake pa getsi,
dokotala osanena kanthu, kungovula magalasi.

Lero buku la chipepeso likuzungulira m'mafulati,
uyu fifite, uyu handiredi, wina twente mwamanyazi,
kuti bokosi likwere ngolo kumbuyo kwa basi,
masiku awiri, zipata zitatu, mpaka ku Ntcheu.
Msonkho wa fodya ndi umenewu.
Tikupereka ndife, ndipo tikupereka mochedwa.

Ndiye inu osunga chikwama cha boma, kwezani.
Ndudu ikwere mpaka marandi a Lwazi achite manyazi,
abwerere akagule nthochi.
Mufufuzenso pansi pa kauntala,
pomwe timabisa zotchipa zopanda chidindo.
Ndalamayo isasochere m'makonde a ku Pretoria:
ilembe namwino woyenda m'masukulu,
igule mankhwala a amene atopa koma zala zikukana,
isindikize chenjezo ngakhale m'chiyankhulo chathu,
poti nafenso timatsokomola mumzinda muno.

Ndikudziwa, bwana adzadula malipiro anga.
Bambo akamva adzati mwana watukwana munda.

Uyo Lwazi akuoloka msewu, dzanja m'thumba.
Paketi ili apa, yong'amba kale.
Sindinaganize chomuuza.