Ketulo ndi Kachifuwapsuu

Tinanyamuka ku Oulu kudakali bii,
ngakhale wotchi inkati naini koloko m'mawa.
Raili anapakira masokosi asanu ndi awiri,
osati mapeya, asanu ndi awiri basi,
lachisanu ndi chitatu linasowa chaka chimene anandiopareta bondo.
Pamsewu wa ku Kuusamo mphalapala zoweta zinatiimika,
zikunyambita mchere pa tala, zosatilabadira n'komwe,
zotuwa mbuu ngati phulusa logonera.

Kanyumba ka matabwa n'ka mlongo wake,
timabwereka sabata imodzi pachaka, Januwale akamatha.
Anakapenta kofiira kalekale.
Lero kakuoneka ngati chiwindi chophika.

Anthu amati chipale chofewa n'choyera.
Amatero amene amachionera pa kalendala.
Kuno dzuwa limasuzumira ngati mlendo wolakwitsa khomo,
n'kupepesa, n'kubwerera,
ndipo pakanthawi kameneko chipale chimakhala cha pinki,
pinki wa m'kamwa mwa mphaka woyasamula.
Ikamakwana thuu koloko chasanduka buluu,
buluu wa mitsempha ya kuseri kwa dzanja la Raili.
Kuyera kwenikweni ndakuona pa khungwa la mitengo ya kuseri kwa nyumba,
nako n'kwa mabalamabala akuda
ngati wina anayamba kulemba kalata, n'kufufuta.

Iye amanditcha Ketulo.
Akuti ndikagona mphuno yanga imaimba likhweru
ngati madzi atsala pang'ono kuwira.
Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndakhala ndili Ketulo.
Pa laisensi ya galimoto ndine Veikko Harjula,
koma dzina limenelo limatuluka m'kamwa mwake ndikapalamula basi.
“Veikko,” anatero dzana, atakhuthula chikwama chachitatu,
ndipo ndinadziwiratu
kuti machesi ndinawasiya patebulo ku Oulu.

Ndinatsetsereka pa matabwa makilomita awiri kudutsa panyanja youma gwa
kukapempha moto kwa mayi Aune,
amene galu wawo amamuitana kuti Nduna.
Ankamutcha choncho malemu mwamuna wawo akamalamula za nkhuni.
Anati dzina labwino silitayidwa,
limangofuna wina woti azitembenuka.

Ine ndimamutcha Kachifuwapsuu,
kambalame kaja kamutu wakuda, kamene sikathawa chisanu
pamene anzake onse athawira kummwera.
Tsiku limene ndinamuona koyamba, pasiteji ya basi,
anavala juzi yofiira psuu, mphuno yakenso psuu,
akukalipira kondakitala.
Masiku ano amati dzinalo linasuluka,
ndim'pezere lina, la mbalame yotuwa.
Ndakana. M'mawa uno kambalameko kanatera pazenera,
kanajompha njere zitatu za mpendadzuwa,
ndipo m'dziko lonse la buluu ndi phulusa
kufiira kunali kuwiri kokha:
chifuwa chake, ndi jamu wa zipatso zam'tchire pa supuni ya Raili.

Masana mayi Aune anabwera ndi Nduna kudzatenga machesi otsala.
Akuti usiku thambo linabiriwira biriwiri,
kuyambira kuphiri mpaka kutsidya,
likugwedezeka ngati makatani mphepo ikalowa,
zotero sanazionepo kuyambira chaka cha maliro.
Ine ndinagwira pakamwa. Ndinali m'tulo.
Ndinayang'ana Raili. Ankapukuta kapu youma kale.

Atachoka ndinamufunsa.
Anati inde, anaona, anakhala pazenera ola lathunthu atafunda bulangete.
Nanga osandidzutsa bwanji?
Anati kubiriwira kudzabweranso, kuli ndi njira yake,
koma panja panali zii, zii woopsa,
wakuti munthu umayamba kuwerenga amene anapita,
ndipo m'mdima monsemo
chinthu chimodzi chokha chinkaimba likhweru.
“Ketulo ikamawira bwino choncho,” anatero, “sindiiphula.”

Tsopano ndi fili koloko, kunja kwada kale.
Ndavala sokosi limodzi lachikasu, lina lakhofi.
Lachisanu ndi chiwiri wavekera tiipoti kuti isazizire.