Mbale Ziwiri pa Doko la Bangula

Ndinafika pa nthawi yopanda dzina ija,
kadzutsa atapita kale, nkhomaliro isanavale n'komwe.
Mayi Nyaphoso anati, khalani, mimba siiwerenga wotchi,
nandikankhira mpando wa pulasitiki
womangidwa mwendo ndi waya.

Tiyi wa mandimu m'kapu yobenthuka,
mbatata yootcha, mazira awiri a anyezi,
chigumu chodulidwa mokhota.
Ndinati, ikani mbale ziwiri.
Anandiyang'ana, nayang'ana kutsidya,
osafunsa kanthu.

Shire pano sathamanga.
Amayenda ngati wokongoza ndalama
wodziwa kuti tonse tidzabweza.
Pakhoma la lesitilanti pali mizere itatu ya makala:
wa m'mawondo, wa m'chiuno,
wachitatu pamwamba pa kalendala.
Umenewo, akutero mayiyo, unanditengera firiji
ndi mbuzi ya eni ake
yomwe inangobwera kudzausa mvula.

Bwato loyamba la ku Makhanga lakocheza:
matumba a mpunga, njinga yogoneka,
mphunzitsi atanyamula nsapato m'manja.
Esinta mulibe.

Ntchentche yatera pa dzira lake.
Ndaiingitsa.
Yabweranso ndi mnzake.

Dzuwa lafika paliwombo,
malata akulira tetete ngati akuwerenga machimo anga,
thukuta likutsika msana pamzere ngati linthumbu.
Namasupuni akudutsa m'magulumagulu,
alendo osalipira ulendo.
Madalaivala awiri a ku nzimbe akukangana
za mvuu imene mmodzi akuti anaiona pamsewu.
Ndikubwereza m'mutu mawu amene ndakonza sabata yonse,
ndipo ulendo uliwonse
"pepa" akuthawira kumapeto.

Nkhomaliro yabwera yokha, sindinaiitane:
mpunga, makakana okazinga mpaka zipsepse kuuma,
nkhwani wotendera,
kambuzi mmodzi wofiira pambali, wondidikira ngati mboni.
Ndadya yanga. Ndaluma kambuziyo dala
kuti maso akhale ndi chifukwa.
Mbale inayo aivundikira ndi inzake.

Bwato lachiwiri: nkhuku, mayi wodwala, mabuku a kalembera.
Lachitatu linabwera lopanda munthu,
mchenga wokha.

Magetsi azima cha m'ma thiri koloko.
Mayi Nyaphoso atsegula firiji yatsopano mwachangu,
idyani izi zisanasungunuke, lero n'zaulere,
madzi a malambe oundana m'timapepala,
otsekemera poyamba, owawasa pakhosi.
Tonse takhala chete, madalaivala, namwino, ine,
akuluakulu athunthu
tikuyamwa ngodya za timapepala ngati ana a sukulu,
madzi akutsikira m'zigongono.

Ndiye Zuze wopalasa anakwera mtunda,
nkhafi paphewa, matope mpaka m'akakolo,
naika patebulo kathumba ka masawu.
Akuti mudye.
Basi?
Anamwa madzi anga kaye, kapu yonse.
Akutinso bwato limapita mbali zonse ziwiri.

Madalaivala anayang'ana pansi.
Namwino anatsokomola chinachake chonga kuseka.

Ndinalawa sawu limodzi.
Linali la mtengo wa kuseri kwa nyumba ya mayi ake,
ndinalidziwa ndi kuwawasa kwake kochedwa,
kumene kumakupeza utameza kale.

Polipira ndinawerenga za mbale ziwiri.
Mayi Nyaphoso anabweza theka.
Inayo sinadyedwe, anatero,
naimanga m'nsalu, mfundo pamwamba,
mudzabweze mbale zangazo,
ndilibe zambiri, mtsinje unatenga.

Ndinavula nsapato monga mphunzitsi uja.
Matope anali otentha pamwamba, ozizira pansi.
Zuze anati, khalani pakati, musagwedezeke,
ndipo manja asalowe m'madzi.
Ndinakumbatira mbalezo pamiyendo,
nsomba ikadali yofunda pang'ono,
ndipo tisanafike pakati pa mtsinje
ndinayamba kusuntha "pepa" uja
kumubweretsa kutsogolo.